Amene Analawa Mtedza wa M'kampango

11 Meyi

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse moyo wanu, wa mng'ono wanga amene akukuwerengerani kalatayi, ndi wa mwana wanga Magweru. Kaya mano akutsogolo aja ayamba kutuluka, kapena akusekabe ndi nkhama zokhazokha? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Iwe wowerenga, uwerenge zonse mokweza, usadumphe mizere ngati muja unachitira ulendo watha. Amayi pafoni samva bwino, ndiye khutu lawo ndiwe.

Ndinakhala chete chifukwa ntchito ya m'nyumba ija inatha. Mmene inathera tidzakamba pamaso, si zolemba papepala. Pano ndinapeza ina, yotsuka mabotolo m'labotale. Musaganize kuti mwana wanu wasanduka dokotala. Chijasi choyera ndimavala, inde, koma changa chimakhala chonyowa kutsogolo tsiku lonse. Kumeneku amayesa zinthu zisanapite kumsika, utoto, mafuta odzola, mankhwala opopera m'minda, kuti aone ngati sizingayambitse khansa. Zipinda zake zilibe mawindo. Umalowa kuli dzuwa, potuluka n'kupeza kunagwa mvula iwe osadziwa.

Amene amandiyang'anira ndi bambo wina wachikulire, wamtali, wosalankhulalankhula. Onse amangowatchula kuti a Chidebe, chifukwa paliponse amayenda atakumbatira kachidebe ka ayisi ngati khanda. Ndi munthu wabwino. Tsiku loyamba anandionetsa zipinda zonse, mpaka tinafika ku kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Mulibe mpando, mulibe tebulo. Muli chifiliji chimodzi choyera, chachitali kuposa chitseko chathu, chokhala ndi loko. Chimalira pansipansi, ndipo kulira kwake umakumvera m'mano, osati m'makutu.

A Chidebe anati, "Muno muzingokolopa pansi, achemwali. Ichi musatsegule, ndipo chingwe chake cha magetsi musachikhudze olo ndi mopu."

Ndinafunsa kuti muli chiyani.

"Anzathu ogwira nawo ntchito," anatero.

Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Tsopano za kunyumba. Mtedza ukauma musachedwe nawo. Muuwaze timadzi monga timachitira, kuti makoko afewe, zala zanu zisatupe poswa. Wabwino wonse mugulitse kwa bambo wa sikelo uja, musasiyeko olo mbale imodzi, chifukwa denga lija silingapirire mvula ina. Wotsala posankha, wonyala ndi wakudawo, musataye. Muzisinja n'kumuthirira Magweru m'phala m'mawa uliwonse kuti anenepeko, pachithunzi chija anali khosi lokhalokha. Mtedza ndi mtedza basi, ukalowa m'mimba palibe amene amafunsa maonekedwe.

Ndatumiza ndi dalaivala wa basi bulangete lanu ndi nsapato za Magweru. Zikamukulira muike mapepala kuzala.

Ndine mwana wanu wachisamba.

15 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Thumba lafika. Koma Amayi, inu kumva ayi! Ndinati wabwino wonse mugulitse, inu n'kunditumizira mtedza waukuluukulu chonchi, wosankhidwa umodziumodzi. Ndadandaula, komanso ndakazinga tsiku lomwelo, ndisaname. Pamwamba pa thumbalo ndapeza kampango kanu kabuluu kaja, kong'ambika pakona, kamene mumamanga m'chiuno. Mwamangamo mtedza wodzaza dzanja limodzi, wotsala uja, wonyala, wina wobiriwira mkati. Uthenga wake ndaumva: mukundionetsa kuti mwana akudya monga ndinanenera. Zikomo. Kampangoko ndikuyenda nako m'thumba la chijasi, chifukwa kakununkhira sopo wanu.

Iwe wowerenga, ngati Magweru ali pafupi umutume kaye kokatunga madzi.

Ndadziwa zimene zili m'chifiliji chija. Lachiwiri a Chidebe anachitsegula ine ndikukolopa. Munatuluka nthunzi yoyera, koma m'malo mokwera inatsika pansi n'kundizinga mapazi. Mkatimo muli timabokosi, ndipo m'timabokosimo muli timabotolo tonga chala chaching'ono, tokhala ndi timadzi tofiirira toundana gwa. Ndinafunsa ngati ndi mankhwala.

"Ndi chiwindi," iwo anatero.

"Cha ng'ombe?"

"Cha anthu, achemwali. Kale tinkagwiritsa cha makoswe chokha, koma munthu si khoswe."

Mopu unandipulumuka m'manja. Iwo anautola n'kundipatsa, kenaka anandifotokozera bwinobwino. Akuti ndi anthu amene anamwalira, ambiri pangozi, ndipo eni ake kapena abale awo anavomera kuti thupi lithandize amoyo. Chiwindicho amachipera n'kuchisefa, n'kutsala timadzi timene timagwira ntchito m'chiwindimo. Iwo amati ma enzaimu.

Ntchito yake nayi, mmene ndaimvera ine wotsuka mabotolo. Ali ndi timbale tokhala ndi zivundikiro. Amathiramo tizilombo tosaoneka ndi maso, topunduka chibadwire, tosatha kuswana. Kenaka amathiramo chinthu chimene akuchiyesacho. Ngati chinthucho chili chosokoneza chibadwa, tizilombo tina timasinthika n'kuyamba kuswana, ndipo pakatha masiku awiri m'mbalemo mumamera timadontho toyera. Timadontho tikachuluka, ndiye kuti chinthucho chikhoza kusokonezanso thupi la munthu mpaka khansa.

Ndiye ndinafunsa kuti nanga akufawo akulowapo pati. A Chidebe anati pali zinthu zina zochenjera. Ukazithira zokha m'mbale sizichita kanthu, mbale imangokhala mbee. Zimadikira chiwindi.

"Chiwindi chimaima pakhomo," anatero. "Chilichonse chimene mwadya chimayamba chadutsa mwa icho. Icho chimaphwanya zoipa kuti zituluke ndi mkodzo. Koma zina zimalowa zili m'tulo, ndipo kuphwanyako n'kumene kumazidzutsa. Zikadzuka zimayamba kuluma amene wazigwirayo. Ndiye ife tikafuna kudziwa zoona, timaitana chiwindi chidzalawe."

Amayi, pa ayisi timadzi timeneti timakhala chigonere. Akatiika pamalo ofunda ngati thupi la munthu, timadzuka n'kuyamba ntchito imene tinkagwira mwini wake ali moyo. Sitidziwa kuti mwini wakeyo anaikidwa kale m'manda. Tsiku limenelo chakudya cha masana ndinabwerera nacho kunyumba.

Mbuzi yaikazi ija musaipereke kwa amalume kuti akawete. Yoyamba ija tinaionanso?

Ndine mwana wanu wachisamba.

6 Julayi

Okondedwa Amayi,

Moni nonse. Ndili moyo, ndili pantchito. Nkhani ya mapepala anga okhalira m'dziko la eni lino ikadali pomwe paja, musandifunse.

Munthu amazolowera zilizonse. Pano ndikalowa m'kachipinda kaja ndimapereka moni, monga munandiphunzitsira kuti polowa pamene pali akuluakulu sulowa ngati nkhuku. Pakhoma pali pepala la amene ali m'filijimo. Mayina palibe, pali manambala okha. Nambala wani, mwamuna, zaka makumi atatu. Nambala folo, mnyamata amene sanafike n'pokwatira pomwe. Koma amene maso anga amathamangira ndi nambala seveni: mkazi, zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi, sankasuta, sankamwa. Zaka zanu ndendende, Amayi. Ndimadzifunsa kuti kodi anali ndi ana angati, ndipo kodi anawo akudziwa kuti mayi awo amadzukabe Lachiwiri ndi Lachinayi kudzagwira ntchito.

Lero pachitika kanthu. Nthawi yopuma ndinatulutsa mtedza wokazinga n'kuwagawira a Chidebe. Potulutsa, kampango kanu kanagwa pansi n'kumasuka. Iwo anawerama kundithandiza kutola, koma atatola njere ziwiri anaima. Anaswa imodzi ndi chikhadabo n'kuyang'ana mkati nthawi yaitali.

"Uwu amadya ndani?"

Ndinayankha monyadira kuti mwana wanga, m'phala, tsiku lililonse, ndipo kwathu sititaya kanthu.

"Ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

Anangopempha njere pang'ono za m'kampango, ndi pang'ono za m'thumba, zosakazinga, zimene ndinabwera nazo kuti akapatse akazi awo. Anasinja padera padera, n'kuviika m'mankhwala awo, n'kusefa. M'mawa anali atasungunula kabotolo kamodzi ka nambala seveni pa ntchito ya abwana, ndipo kanatsala theka. Kabotolo kakasungunuka sikabwereranso m'filiji, chotsalacho chimapita m'thumba lofiira la zinyalala limene ndimataya ine. A Chidebe zimenezi zimawawawa. Amati munthu anapereka chiwindi chake, ife n'kumathira theka kudzala. Ndinati, "Mukanagwirizana ndi amayi anga, nawonso kutaya amadana nako."

Akonza timbale tinayi. Tiwiri ta mtedza wabwino, kena kopanda chiwindi, kena ka chiwindi. Tiwiri ta mtedza wa m'kampango, chimodzimodzi. Atiika m'kabati yofunda, kuseri kwa timbale ta abwana. Kabati imeneyi ndimadana nayo. Kufunda kwake ndi kwa m'khwapa mwa munthu, ndipo ukaitsegula mpweya wake umakuwomba kumaso ngati wina wakupumira.

Akuti tidikire masiku awiri. Ine ndinaseka, ndinati mayi wa nambala seveni alawe, aone kuti kwathu timalima. Koma pano ndakhala pabedi ndi cholembera, kusekako sindikukupezanso.

Dalaivala anyamuka Loweruka, ndiye kalatayi idikira.

Ndine mwana wanu wachisamba.

8 Julayi

Amayi,

Moni, ndili bwino, koma lero za moni tisachedwe nazo. Ndaika kalatayi pamodzi ndi ya dzana ija. Iwe wowerenga, iyi uwerenge kawiri.

Lekani kumupatsa Magweru mtedza wotsala uja. Lekani lero, osati mawa.

M'mawa uno a Chidebe anandiitana n'kuyala timbale tinayi tija patebulo lakuda. Tiwiri ta mtedza wabwino tinali ndi timadontho towerengeka, timene akuti timamera tokha nthawi zonse. Ka m'kampango kopanda chiwindi kanali chimodzimodzi, koyera bwino. Mtima unakhala pansi, ndinati mwaona, mtedza wa amayi anga ulibe mlandu. Iwo anakankhira kachinayi patsogolo panga, kamene mayi wa nambala seveni analawa.

Amayi, kanali ngati wina wakhuthuliramo mchere. Timadontho pa timadontho, mpaka m'mphepete. A Chidebe anayamba kuwerenga ndi kacholembera kawo, kenaka anangokaika pansi.

Anandilowetsa m'chipinda china, anazimitsa magetsi n'kuyatsa kanyale kofiirira. Anali atadonthezera timadzi ta mtedza uja pa kagalasi. Mumdimamo dontho limodzi linayaka buluu, lokhalokha, ngati diso.

Akuti ndi poizoni wa chuku, nkhungu ija imamera mu mtedza wonyala ndi wakuda. Akuti madzi amene timawaza kuti makoko afewe ndi amene amamulimira munda. Ndinati koma timakazinga, timawiritsa. Iwo anati ameneyu moto samva. Sapweteka lero, sapweteka mawa. Amalowa ali m'tulo, chiwindi n'kumudzutsa pofuna kumutulutsa, iye n'kuchiluma pang'ono. Mawa pang'ono. Zaka n'kumapita.

Ndine amene ndinalemba ndi dzanja langa kuti muzimuthirira m'phala m'mawa uliwonse. Chaka chathanso ndinatero, ndi chaka chinacho. Ndikuchita mantha, Amayi, ndipo ndikudzida.

Chitani izi. Wotsala wonse mukumbire dzenje lakuya mukwirire. Musapatse nkhuku, musapatse mbuzi yoyamwitsa. Wa chaka chamawa tidzaswa wouma, zala zitupe zitupe. Iwe mng'ono wanga, umutengere Magweru kuchipatala chachikulu, uwauze zimene ndalembazi, amuone magazi. Umuyang'anenso m'maso padzuwa, ngati moyera muja mwayamba chikasu undiimbire nthawi yomweyo.

Ndine mwana wanu.

24 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale mwandikwiyira. Ine thupi lili bwino.

Yankho lanu ndalandira patatha masabata asanu, mizere isanu ndi umodzi. Mng'ono wanga walemba mmene munanenera, sanachotse minga. Mwati chakudya sichikwiriridwa ngati maliro. Mwati munandilera ndi mtedza womwewo ndipo ndili ndi miyendo iwiri. Mwati za mwana ndisade nazo nkhawa, mukudziwa chimene mukuchita. Mwatinso ntchito yofunsira nzeru kwa akufa si ntchito, ndibwerere ku zochapa za eni ake.

Amayi, ine ndinatengera inu kuuma mutu, ndiye tikanganapo. Mwandiyankha zonse kupatula chimodzi: mwakwirira kapena simunakwirire? Mwana wapita kuchipatala kapena sanapite? Ndiponso dalaivala wandiuza kuti denga likadali chomwecho. Mtedza unabereka bwino chaka chino, nanga ndalama zake zapita kuti? Sindikukuwerengerani, ndikungodabwa.

Pali chinthu chimene sindinafune kulemba. Kuyambira tsiku la timbale lija ndimaona Ababa. Si kumaloto ayi, ndi masana, manja ali m'sinki. Ndimawaona atakhala pamkeka pamene tinkasankhira mtedza, akutola wotsalawo m'lichero n'kumaponya m'kamwa, akuti wowawirirawo ndiwo umatsitsa tiyi. Kenaka ndimaona mimba yawo chaka chomaliza chija, yotupa mpaka malaya osamangika, manja ataonda, maso achikasu. Anthu ananena zambiri pamaliro paja, mpaka ena sitilankhulana nawo. Ndinawafotokozera a Chidebe. Iwo anati sangaweruze za munthu amene sanamuone, chifukwa chiwindi chili ndi adani ambiri, ndipo pali matenda ena ake amene akakumana ndi chuku zinthu zimafulumira. Anatero akuyang'ana m'chidebe mwawo.

Za akufa musaope. Mayi wa nambala seveni sanatilodze, anangolawa n'kunena zimene anapeza. Koma ndikuuzeni ichi, musauze abusa. Masiku ano m'mawa uliwonse ndimapeza timadzi pansi, patsogolo penipeni pa chitseko cha filiji, pamalo pokwana mapazi awiri. Ndimakolopa, mawa ndimapezanso. Wokonza mafiliji anabwera, anagogoda uku ndi uku, anati palibe pamene pakudontha. A Chidebe akuti ndi chinyezi chabe. Mwina n'zoona. Lolemba magetsi anathima masana, belu la filiji linayamba kukuwa, anthu n'kumathamanga ndi zingwe. Ine ndinangozindikira ndaima pamenepo, dzanja lili pachitseko chozizira, ndikuti, "Pirirani mayi, akubwera." Sindikudziwa kuti ndinkauza ndani.

Ndiyankheni za dzenje. Mundinyoze mmene mungathere, koma mundiyankhe.

Ndine mwana wanu wachisamba, wouma mutu.

5 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi onse. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kutentha, koma ife a m'zipinda zopanda mawindo timangomva kwa anzathu.

Kalata ya mng'ono wanga yafika, ndipo ndinaiwerengera m'chimbudzi cha kuntchito kuti anthu asandione. Magweru amuyeza, alibe kanthu! Magazi ali bwino, maso ali oyera, wanenepa mpaka yunifolomu yamuthina, ndipo mano awiri atuluka aakulu ngati makasu. Dzina lija tisintha tsopano. Ndinathamangira kwa a Chidebe ndi pepala m'manja. Anakondwa, koma anakanda mutu. Anati, "Mwana wodya zija m'mawa uliwonse kawirikawiri sanenepa chonchi. Kuyezako sikuona zonse, komabe muli ndi mwayi, achemwali." Ine za mwayi ndavomera, sindifunsa kumene wachokera. Ndinapita mpaka ku kachipinda kaja kukanena kuti mwana ali bwino.

Koma iwe mng'ono wanga, ndili nawe mawu. Kalata yonse wadzaza ndi Magweru, mbuzi, ndi ukwati wa kwa aneba. Za Amayi walemba mzere umodzi, kumapeto, ndi zilembo zing'onozing'ono ngati ukubisa. Wati masiku ano sakupita kudimba, chakudya akungolawa, ndipo siketi sizikuwakwana m'chiuno ngakhale mikono yaonda. Ndipo m'kalata yonseyo mulibe liwu limodzi lochokera pakamwa pawo, olo londinyoza. Amayi anga osandinyoza miyezi iwiri?

Mwina ndi mpweya wa m'mimba. Mwina ndi ukalamba chabe. Amayi, inu simunadwalepo chigonere chibadwire changa, ndiye sindikuganiza kanthu. Sindikuganiza kanthu ndithu.

Komabe iwe, uwatulutse panja masana, uwauze ayang'ane kumwamba, uone m'maso mwawo. Akakana uwauze kuti ndalamula ine. Usadikire dalaivala, upite kwa wa sitolo uja undiimbire.

M'bokosi la nambala seveni mwatsala timabotolo tiwiri. A Chidebe akuti tikatha aitanitsa wina, nambala yatsopano. Ndinafunsa kuti nanga mayiyu ndiye basi? Anati, "Ndiye kuti wapuma." Timadzi tija pansi ndikutipezabe.

Ndine mwana wanu wachisamba.

19 Okutobala

Amayi anga,

Moni. Ndamva kuti muli pabedi la pafupi ndi windo, ndipo mukukangana ndi anamwino kuti mapilo awo ndi opyapyala. Ndakondwa kumva kuti mukukangana. Za moyo wanga musafunse, ndili bwino. Iwe wowerenga, ukhale pafupi ndi khutu lawo labwino lija.

Pafoni mng'ono wanga anangolira, ndinamva mawu awiri okha, chikasu ndi chotupa. Zina zonse ndazipeza m'kalata imene dalaivala wandipatsa dzulo. Pansi pake Magweru walembapo yekha ndi pensulo, zilembo zopita uku ndi uku. Ndikukopera mmene walembera:

"Amama musakwiye. Ine sindidya wakuda. Agogo amandipatsa woyera wa m'thumba lobisa. Wakuda amadya okha, amati ndi wa akuluakulu."

Ndawerenga mpaka pepala lafewa.

Ndiye denga lija n'chifukwa chake. Matumba awiri a mtedza wabwino simunapite nawo kusikelo, munawabisa kuseri kwa bedi kuti akhale a mwana, chaka chino, chaka chatha, ndi chaka chinacho. Ine ndinkalamula kuchokera kuno, inu n'kumangoti chabwino. Ndipo wotsalawo, poti chakudya sichitayidwa, munkaukazinga n'kumadya nokha kumunda, dzanja limodzi m'mawa, dzanja limodzi masana. Mng'ono wanga akuti zinayamba kale, ife tili ana. Akuti mukasankha ndi Ababa, mbale ya ana inali ina, ya inu awiri inali ina. Ine ndinkaona ngati akuluakulu amakonda zowawa.

Kampango kaja sikanali uthenga. Akuti tsiku lotumiza thumba munayenda wapansi mpaka kusiteji, ndipo kanali kamba wanu wa panjira. Munakaika pamwamba pomanga chingwe, basi inafika, thumba linakwera nako. Munabwerera ndi njala, ndipo munakafunafuna masiku awiri. Ine kuno n'kumakanunkhiza, n'kumanyadira pamaso pa anthu kuti kwathu sititaya kanthu. Mayi wa nambala seveni analawa chakudya chanu, Amayi, cha mnzake wa zaka zake. Anandiuza zoona, ine ndinamva za munthu wina.

A Chidebe anandiuza kalekale kuti chiwindi chimaima pakhomo, zonse zimayamba zadutsa mwa icho, ndipo chimalumidwa ndicho kuti thupi litsale. Ndinakulemberani zimenezo ngati nkhani yodabwitsa ya kuno. Sindinaganize za inu olo pang'ono.

Ndakwiya nanu, Amayi. Ndakwiya kwambiri, ndipo ndikufuna ndidzakukwiyireni pamaso, ndiye mundidikire. A Chidebe akuti madokotala akanena za kuchipatala chachikulu tisakane, ndipo ife tonse atiyeze magazi. Sanandilonjeze kanthu. Ndinawapempha kuti andinamize pang'ono, anakana.

Lachinayi anasungunula kabotolo komaliza ka nambala seveni. Ntchito itatha anandipatsa kuti nditaye ndine. Kanali kakadali kofunda. Ndinakagwira m'manja mpaka kanazizira, ndinathokoza, kenaka ndinakaika m'thumba lofiira. Lachisanu m'mawa pansi paja panali pouma.

Ntchito ndatsanzika. Mapepala anga mmene alilimu, ndikatuluka sindidzalowanso, ndipo ndikudziwa. Iwe mng'ono wanga, dzenje lija usakumbe, ndidzakumba ndekha.

Basi inyamuka Loweruka. Ndikubwera ndi kampango kanu, ndakachapa ndipo ndasoka pakona paja. Ndamangamo mtedza waukuluukulu uja munandisankhira umodziumodzi, ndinasungako m'botolo lotseka bwino. Mudzadya inu, Amayi, olo njere imodzi, ine ndikuyang'ana.

Ndine mwana wanu wachisamba.